Chikho cha Mayi Nelbia

Mayi Nelbia sankakonda kumveka. Ngakhale pamsika wa ku Tacuarembó ankangoloza ndi chala chimene akufuna. Aphokoso anali amuna awo, a Heber, amene anayamba kuimba gitala tsitsi lili m'mapewa. Pano tsitsilo linatha, ndipo zala zinayamba kutupa m'mfundo.

Chimbale chatsopano cha nyimbo zawo ankajambulira pabalaza ndi maikolofoni imodzi yokha, poti a Heber ankati nyimbo zawo zimakoma zikagunda makoma a kwawo. Inatsala nyimbo imodzi, yapansipansi. Anaiyesa m'mawa wonse, zala zikukana. Gastón, yemwe ankawajambula mawu, anafika mpaka poyasamula.

Mayi Nelbia anali pakona, akuthira madzi otentha m'chikho cha tiyi wowawa wotchedwa yerba, chimene onse amamwera mosinthana ndi kachitsulo koyamwira. Wothira ndiye amayamba kumwa kuti kuwawa kuthere kwa iye, ndipo chikho sichipita kwa wina chisanalire kuti madzi atha. Iwo anachita zimenezi moyo wawo wonse, moti sankaziganiziranso.

Mwadzidzidzi zala za a Heber zinamasuka. Nyimbo inayenda myaa, ngati kale. Chakumapeto, pamene gitala amapuma pang'ono, mayi Nelbia anakoka madzi otsiriza ndi kachitsulo koyamwira. Chikho chinati kholololo!

A Heber anamaliza nyimboyo osatembenuka. Gastón anavula zomvera m'makutu.

“Madala, yatuluka bwino zedi. Kungoti mwalowa ng'ombe yomwa madzi.”

“Sungaichotse?”

“Ndi maikolofoni imodzi? Ndikaichotsa, gitala apita nawo. Ndinakuuzanitu ine, koma makani. Tibwereze.”

A Heber anayesa kufumbata dzanja. Linakana. Mayi Nelbia ankalidziwa bwino dzanja limenelo. Lero silikanabwerezanso, mwina ngakhale mawa.

“Tiimve kaye,” anatero a Heber.

Anamvetsera onse atatu. Itafika paja, mayi Nelbia anabisa nkhope m'manja. Gastón, yemwe ankagunda phazi pansi potsatira nyimbo, anakweza nsidze.

“Iii, koma ng'ombeyi ikudziwa nthawi. Yalowa pamalo pake penipeni.”

A Heber anaseka mpaka kutsokomola. “Ndavutika ndi oimba ng'oma oledzera zaka zonsezi, chikhalirecho katswiri ndimagona naye nyumba imodzi!” Kenaka anatsitsa mawu. “Nelbia, anthu adzakumva. Ukakana, nyimboyi tiisiya, chimbale chituluka popanda iyo. Sindidandaula.”

Ankanama, ndipo mayi Nelbia anadziwa. Anaganiza za anthu osawadziwa, m'mabasi ndi m'makhitchini, akumva iwo akumwa tiyi. Anayang'ananso zala zotupazo zili gone pa gitala.

“Ikhale,” anatero chapansipansi. “Koma dzina langa pachikuto ayi.”

“Nanga ndilembe kuti ndani, mayi?” anafunsa Gastón.

“Si wanena wekha kuti ng'ombe?”