Nyimbo ya Nambala 14

Keith Namalawa sanali munthu wodzitama pa zinthu zambiri. Mpira sankautha, njinga yake inali ya mabuleki a chidendene, ndipo pa gulu la anthu ankayankhula mochedwa. Koma pa nkhani ya nyimbo za m'foni ndiye ankayenda chotukula mapewa, ndipo kunena chilungamo, chifukwa chinalipo.

Mafoni a anzake a ku fakitale ya tiyi anali ngati belo la kaunjika: ikatha nyimbo ya pamaliro ikubwera ya kumowa, kenaka ulaliki wodukira pakati. Keith ayi. Memori kadi yake inali ndi nyimbo zikwi ziwiri ndi kanthu, iliyonse m'foda yake: Za Ukwati, Za Kuntchito, Za Mvula, Za M'minibasi. Nyimbo ikabwera kuchokera kwa owotcha nyimbo ku Luchenza ili ndi dzina loti Track 3, mtima wake sunkakhala m'malo mpaka atafufuza woyimba wake ndi kulembapo dzina lenileni. Zomukanika ankaziika m'foda yotchedwa Zosadziwika. Zinalimo zisanu zokha, koma zinkamusowetsa mtendere ngati kamwala m'nsapato.

Ntchito yake inali ya pa makina oumitsira tiyi, pomwe mphindi ziwiri zowonjezera zimapsereza masamba amene amayi atchola m'mawa wonse. Tsono Keith ankakhulupirira wotchi kuposa china chilichonse.

Anali pa ubwenzi ndi Lestina, yemwe ankagwira ntchito pa kiliniki ya esiteti, ndipo ankafuna kumukwatira. Chopinga pakati pawo chinali malume ake a Lestina, a Muhiwa, mphunzitsi wopuma pa ntchito komanso mkulu wa mpingo wa Seventh Day. Iwowa ndi amene analera Lestina ndi mng'ono wake Mtisunge chimwalirireni mayi awo zaka khumi zapitazo, ndipo anali atabweza kale anyamata awiri osawapatsa ndi mpando womwe. Keith anali wa Katolika. Popanda mawu a a Muhiwa, ukwati panalibe.

Mwayi unabwera Mtisunge atasankhidwa kupita ku koleji ya unamwino. Kunyumba anakonza kaphwando Lachisanu masana, ndipo Lestina anapempha kuti "mnzake wina" adzabweretse nyimbo. Aliyense anamva chomwe mnzake winayo ankatanthauza.

"Koma a Keith, mundimvetse," anatero Lestina ali pa mthunzi kuseri kwa kiliniki. "Kwathu Sabata siyiyamba Loweruka m'mawa. Imayamba Lachisanu dzuwa likalowa. Likangolowa, za magule zonse basi."

"Ndikudziwa. Ndayang'ana kale pafoni. Lachisanu likubwerali dzuwa lilowa 5:36."

"Inu ndi mawotchi anu."

"Ingondisiyirani. Malume anuwo sadzaona ndi pomwe ndasinthira."

Masiku atatu anakhala akukonza. Anapita ku Luchenza kukawotchetsa nyimbo za makwaya a Seventh Day a m'dera lomwelo, nazitsegulira foda yatsopano, Za Sabata. Kenaka anasanja mndandanda umodzi wautali, akuwerenga mphindi za nyimbo iliyonse monga amachitira ndi tiyi. Zoyamba zinali zofatsa, zoti anthu adyere. Pakati anaika zovina. Yovina yomaliza inkathera pa 5:33 ndendende, ndipo yotsatira inali ya kwaya, yolowa mwakachetechete. Anauyesa kawiri ali ndi wotchi m'manja. Zinagwirizana, ndipo anadziyamikira yekha.

Pa nyimbo za kwayazo imodzi inamuvuta. Inabwera ndi dzina loti Track 14, yojambulidwa kale pa kaseti, ikumveka kafuwee ngati mvula ya patali. Mayi wina ankatsogolera, amuna akuyankha pansi. Wowotcha nyimbo sanaidziwe. Mlonda wa ku fakitale, yemwe ndi wa mpingo womwewo, anati siyili m'buku. Keith anaimvera kambirimbiri, popita ku ntchito ndi pobwerako, kufuna mwina pomwe angamve dzina la mpingo kapena la mudzi. Sanapeze kanthu. Anaitaya m'foda ya Zosadziwika mokwiya, ndipo pa mndandanda sanaiikepo, chifukwa nyimbo yopanda dzina siyoyenera pamaso pa akulu.

Lachisanu anafika 2 koloko, malaya ositidwa, sipika yobwereka ataimangirira pa kaliyala. Nyumba ya a Muhiwa inali m'chigwa, kumapeto kwa munda wa tiyi, ndipo kumadzulo kwake kunali mtunda wautali wokhala ndi mzere wa mabulugamu pamwamba. Keith anauona mtundawo, koma anangoti ndi malo okongola.

A Muhiwa anali munthu wamfupi, wa magalasi ochindikala. Anamupatsa moni wa dzanja limodzi.

"Ndinu a nyimbo aja?"

"Ndine, bambo."

"Ikani apo."

Ndipo nyimbo zinayenda. Palibe yemwe anathamangira foni kuti adumphitse, palibe ulaliki wolowerera. Anthu atamaliza mpunga ndi nkhuku, zovina zinayamba pa nthawi yake. Azakhali anamanga zitenje m'chiuno. Mtisunge anavina mpaka kutaya nsapato. Nawo a Muhiwa, atakhala pa mpando wawo pakhonde, phazi linkawapereka: linkagunda pansi lokha. Keith analiona phazilo ndipo anasangalala kwambiri. Foni anaisiya pa tebulo pafupi ndi sipika napita kukathandiza kunyamula mabenchi, kuti onse aone kuti ntchito yake siyifuna woyang'anira.

Ali ndi benchi pa phewa kumbuyo kwa khitchini, anaona amayi awiri akutuluka m'bwalo, akumasula zitenje m'chiuno. Anayang'ana wotchi. Inali 5:11. Nyimbo yomwe inkalira inali ya ng'oma zolemera, yotchuka m'mabala a ku Luchenza, ndipo inali itangoyamba kumene.

Atafika pabwalo anapeza palibe wovina. A Muhiwa anali ataimirira, buku la nyimbo m'manja, akuyang'ana kumadzulo. Dzuwa linali litamira kuseri kwa mabulugamu, chigwa chonse chili mumthunzi, ngakhale kumwamba kunali kowala bwinobwino. Ng'oma zija zinkangogunda pa bwalo la anthu oimirira chete.

Keith anaponya benchi nathamangira foni. Zala zinamutuluka thukuta, foni inakana kutseguka kawiri. Pomaliza anangozimitsa sipika.

"Pepani, bambo. Foni imati 5:36."

"Foni yanuyo imakhala kuti?" anafunsa a Muhiwa mosakweza mawu. "Ife timakhala m'chigwa muno. Pakhomo pano Sabata imalowa dzuwa likabisala pa mitengo iyo. Zinali choncho muli osabadwa."

Safunsa anadya phula. Keith anafunsa foni, osafunsa eni chigwa. Lestina anali atayang'ana pansi. Iye anakulira momwemo, sanaganizepo kuti pali china chofotokozera munthu.

"Ndili ndi za Sabata, bambo. Foda yonse. Ndingathe..."

"Za Sabata timayimba ndi pakamwa. Chotsani icho."

Anachotsa sipika naiika kuseri kwa chitseko. Manyazi anamugwira kwambiri, koma sanachoke. Anaganiza kuti akakwera njinga tsopano, ndiye kuti wadziwonjezera yekha pa anyamata awiri aja. Anakakhala pa benchi yakumbuyo, foni ili m'thumba, yozimitsa.

Alendo ambiri anatsanzika. Panatsala a pabanja okha, pafupifupi onse amayi. A Muhiwa anapemphera, anayimbitsa nyimbo imodzi ya m'buku, kenaka anatseka bukulo.

"Mtisunge akupita kutali," anatero. "Tiyimbe ya mayi ake."

Lestina anayamba. Mzere woyamba usanathe, Keith anaizindikira. Inali Track 14.

Pofika poyankha amuna, a Muhiwa anayesa okha, koma mawu awo anali atatha ndi choko cha zaka makumi atatu, ankangotuluka mpweya. Nyimbo inkatsimphina pamenepo. Ndime yachiwiri itafika pomwepo, Keith sanaganize kawiri. Anali ataimvera nyimboyi kokwanira kudziwa pomwe amuna amapumira, ndi pomwe amatsika pansi kudikira mayi uja. Analowa ndi besi yake yonse, mosanjenjemera.

Mitu inatembenuka. Lestina anaphonya mawu awiri, nabwereranso. A Muhiwa sanatembenuke. Anangosiya kuyimba, namusiyira mlendo mbali ya amuna mpaka ndime yomaliza.

Itatha, anavula magalasi nawapukuta ndi malaya.

"Achimwene a kumbuyoko, bwerani kuno. Nyimbo imeneyi mwaiphunzira kuti?"

"M'foni, bambo."

"Musandinamize pa Sabata. Siyili m'buku lililonse. Anaipeka mlongo wanga, Queen, mayi wa ana awa."

"Ili m'foni. Ndinaipeza ku Luchenza pa nyimbo za makwaya akale. Akutsogolera mayi wina, mawu ake okwera, ndime yachitatu asanayambe amatsokomola pang'ono. Ndafunsa ponseponse, palibe anandiuza dzina."

Azakhali ena ananong'ona kanthu m'Chilomwe. Lestina anali atagwira pakamwa.

"Tinajambula kamodzi kokha, ku msonkhano wa misasa," anatero a Muhiwa pang'onopang'ono. "Kaseti yathu inadyedwa ndi wailesi iye akadali moyo."

Keith analowetsa dzanja m'thumba. A Muhiwa anatukula chala.

"Ayi. Lero ayi. Mubwere mawa Sabata ikatuluka." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndipo potuluka sitiyendera mitengo iyi. Timadikira mpaka dzuwa lilowe kwenikweni. Pamenepo wotchi yanu ingathandize."

Loweruka Keith anafika dzuwa likadalipo, wopanda sipika. Nthawi ino anamupatsa mpando wa pakhonde. Anakhala naye a Muhiwa osayankhula zambiri, onse akuyang'ana kumwamba kukufiira, mpaka Keith anati nthawi yakwana. Anatsegula foda ya Zosadziwika, nakweza mawu mpaka pomaliza, naika foni pa tebulo.

Panamveka kafuwee kaja, kenaka mayi uja anayamba. Mtisunge, yemwe anali ndi zaka zisanu ndi zinayi pomwe mayi ake ankamwalira, anafunsa chapansipansi ngati analidi iwo. Lestina anangogwedeza mutu, misozi ikutsika. Pa ndime yachitatu mayiyo anatsokomola, ndipo a Muhiwa anaseka ali m'misozi.

"Ndinamuuza kuti asadye mtedza tisanayimbe."

Anaimvera katatu. Kachitatu katatha, a Muhiwa anakokera foni pafupi ndi magalasi awo.

"Apa mwalemba chiyani?"

"Track 14, bambo. Ndi momwe inabwerera."

"Fufutani. Lembani Queen Muhiwa."

Keith analemba, chilembo chimodzichimodzi, nawaonetsa. Kenaka anaitulutsa nyimboyo m'foda ya Zosadziwika, ndipo chala chake chinaima, osadziwa koipititsa. Za Sabata zinali za makwaya a eni ake. Za Ukwati sanayerekeze.

"Muli ndi malo oika za pabanja?" anafunsa a Muhiwa.

"Ndilibe, bambo."

"Tsegulani. Ndipo malume anu muwauze abwere Lamulungu la mawa lino, tidzaonane nawo. Koma adzafike dzuwa lisanafike pa mitengo."