Waya wa Foni ya a Njobvu

A Cosmas Njobvu, eni sitolo ya mbewu ndi feteleza pa Petauke, anali munthu woti akaphunzira chinthu kamodzi, ndiye basi, mpaka kumanda. Intaneti yoyamba imene anaika m'sitolomo inkadzera pa waya wa foni. Akafuna kuitanitsa katundu ku Lusaka ankazula foni pakhoma n'kulumikiza kompyuta, imene inkayamba yalira kaye ngati mbuzi yomangidwa isanagwire. Wina akangoyerekeza kubwezera foni, zonse zinkaduka.

Kenaka anasintha kampani. Amisiri anaika kabokosi ka timagetsi tobiriwira, nawauza kuti tsopano foni ndi intaneti ziziyendera limodzi osalimbana. A Njobvu anavomera pakamwa pokha. M'mawa uliwonse ankazulabe foni ija asanakhale pa kompyuta.

Akazi awo, amai Febby, ankangoseka, mpaka unafika mwezi woti mwana wawo Tasila, wokwatiwa ku Ndake, achire. Mwana wake woyamba anafera panjira chifukwa chochedwa kufika kuchipatala. Ulendo uno mkamwini wawo Josphat analonjeza kuti matenda akangoyamba, apalasa njinga mpaka pa Nyimba n'kuimba kusitolo kuti galimoto ibwere. Foni zam'manja kumudziko zinali zisanafike.

Tsiku lina amai Febby atalowa m'sitolo anaona waya uli lende pansi pa tebulo. Mtima unawawawa.

"Atate ake Tasila, lelonso mwazula?"

"Nikutumiza oda ya feteleza. Mukagwila waya uyo, zonse ziyambilenso."

"Nanga Josphat akatuma foni?"

"Adzatumanso."

Mawu amenewo ndiwo anawapsetsa mtima. Adzatumanso! Ngati kuti mwana amadikira feteleza. Amai Febby anamanga chitenje, nagwada, nalowa pansi pa tebulo pakati pa miyendo ya amuna awo, n'kubaya waya uja pakhoma. A Njobvu anakuwa ngati awaponda chilonda, manja kumutu, maso pa kompyuta. Koma timagetsi tinkangophethira chiphethirire, oda nayo ikupita bwinobwino.

"Yaduka?" anafunsa amai Febby akusansa fumbi m'mawondo.

A Njobvu anangopenyetsetsa pa kompyuta, oda ikupitabe.

Amai Febby anakoka mpando nakhala pafupi ndi foni, dzanja lili pa waya, kuti wofuna kuzula ayambe wazula iwo. Makasitomala anatumikiridwa ndi mwini sitolo yekha tsiku limenelo. Dzuwa lisanafike paliwombo, foni inalira.

"Amai, ndine Josphat," anatero mawu awefuwefu. "Kuyambila m'mawa nituma, foni siyenze kungena. Zayamba."

Anatseka sitolo makasitomala ali pakhomo. A Njobvu, amene sankathamanga pamsewu poopa kutha matayala, tsiku limenelo anaiulutsa galimoto ngati yobwereka. Anamupeza Tasila atagona pamkeka, azimayi atamuzungulira, ndipo anamunyamulira kuchipatala cha Nyimba nthawi ikadalipo.

Madzulo namwino anatuluka nawauza kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo onse awiri ali bwino. A Njobvu anakhala pansi pakhonde, misozi ili chuchuchu, chipewa chili m'manja. Amai Febby anaimba nthungululu yomveka mpaka kumsewu. Namwino anawadzudzula kuti pano ndi pachipatala.

"Pepani, asisita," anatero amai Febby, n'kuimbanso ina yoposa yoyamba ija.