Mwayi Womaliza wa Renske

Ndinafika ku Zaandam Lachisanu masana, mvula ikuwaza. Ndinali nditangotsika m'bwato la katundu limene ndimayenda nalo mumtsinje wa Rhine. Ndinkafuna khofi ndi mpando. M'nyumba mwa mlongo wanga ndinapezamo zii.

Renske, mwana wa mlongo wangayo, anali patebulo. Kompyuta yotsegula. Maso ofiira. Buledi ndi tchizi zili pambali, sanazikhudze.

"Amalume, lero ndi pa 12 Januwale," anatero. "Atseka pa 15."

Nkhaniyo ndinkaidziwa. Renske ankafuna kuphunzira udokotala wa mano. M'dziko muno umasankha sukulu imodzi yokha pachaka. Umalemba mayeso awo, ndipo mu Epulo amakupatsa nambala yako pamndandanda wa opikisana. Ikakhala yaing'ono, walowa. Ikakula, wagwa. Umayesa katatu basi.

Chaka choyamba nambala yake inali 611. Chachiwiri 487. Malo sankafika 150. Kunatsala kamodzi.

Bambo ake, a Sjoerd, anakwera kuchokera kushopu ya pansi pa nyumbayo, kumene amakonzera njinga. Manja ali bii ndi girizi.

"Alamu, mtsinje wakutayaninso? Mwabwera kudzatha tchizi changa."

"Tchizi chanu n'chouma ngati mutu wanu, alamu."

Masiku ena akanaseka. Anangotembenukira kwa mwana wawo.

"Lemba sukulu yomwe ija. Ili pafupi, sitima imodzi. Ndi yotchuka. Dokotala wanga wa mano anaphunzira komweko."

"Ababa, yandikana kawiri."

"Ndiye dzina lako akulidziwa tsopano."

"Sadziwa dzina la munthu. Amadziwa nambala."

Renske anatseka kompyuta pang'onopang'ono.

"Mwina ndisalembe n'komwe," anatero. "Ndikapanda kulemba, mwayiwo ukhalapobe. Palibe andilande."

Anzake a kusekondale anali m'chaka chachiwiri cha maphunziro apamwamba. Iye ankangokhala m'shopu ya bambo ake, akumata matayala.

Loweruka Renske anagwira ntchito m'shopu. Ine sinditha kukhala malo amodzi. Ndinazungulira msewu kawiri, n'kubwerera. Pakhomo pa shopu ndinakumana ndi Mayi Oosterhuis, oyandikana nawo nyumba, akukankha njinga yopindika gudumu. Mayiwa anagwira ntchito yopanga mano oikirira zaka makumi atatu asanapume.

Renske anapachika njingayo. Anayamba kumanga masipoko, limodzi limodzi, khutu lili pafupi ndi gudumu. Mayi Oosterhuis ankangoyang'ana zala zake.

"Iwe mtsikana, chaka chino wasankha sukulu iti?"

"Yomwe ija, mayi. Kapena palibe."

"Chifukwa chiyani yomwe ija?"

"Ili pafupi."

"Pafupi timasankha kogula buledi. Unawerenga mmene masukulu enawo amasankhira anthu?"

"Onse amaphunzitsa mano omwewo."

"Mano ndi omwewo, inde. Koma sayesa zofanana. Sukulu iliyonse imalemba poyera malamulo ake a kasankhidwe. Amasinthanso chaka ndi chaka. Iwe unawerenga angati?"

Renske anayang'ana pansi. "Amodzi. Zaka ziwiri zapitazo."

"Ndiye kawiri konse unkangogogoda ndi mutu. Bweretsa kompyutayo."

Tinakhala pabenchi la m'shopu momwemo. Anawerenga mzere ndi mzere. Sukulu yapafupi ija chaka chimenecho inkadalira kwambiri mayeso a sayansi othamangitsana ndi nthawi. Renske sayansi amaidziwa, koma amachedwa. Kawiri konse belu linamupeza asanamalize. Sukulu ina, yakutali, inali ndi mayeso olemba nawonso, koma inkaperekanso malikisi pa luso la manja ndi pa kayankhulidwe ndi wodwala.

Mayi Oosterhuis anatola kawaya pansi. Anajambula kachithunzi kokhotakhota papepala.

"Pinda kawayaka kafanane ndi ichi."

Renske anatenga pulayala. Sizinatenge nthawi. Kawaya kanagona ndendende pamzere.

A Sjoerd anaponya sipanala patebulo.

"Kumeneko n'kutali, mayi. Maola awiri ndi theka pasitima. Akakhala kuti? Akadwala amuona ndani? Mukufuna kundilanda mwana ndi wantchito yemwe."

"A Sjoerd, gudumu mumanga nokha, simunakalambe. Kodi mukusankha sukulu yoti imulandire, kapena yoti muzidya naye chakudya chamadzulo?"

Alamu anga anapukuta manja nthawi yaitali, ngakhale anali atayera kale.

"Sindikulonjeza kanthu," Mayi Oosterhuis anauza Renske. "Kumenekonso opikisana ndi ambiri. Ambiri amagwa. Lolemba m'mawa uimbire mlangizi wa ophunzira wa kumeneko. Ufunse chimene amayesa ndi mmene amawerengera maulendo awiri aja unayesa kale. Usamve za ine zokha. Ndipo ukalemba, walemba. Ukasiya tsiku lotseka litadutsa, mwayiwo wapita."

Lolemba Renske anaimba. Anadikira pafoni theka la ola. Anafunsa mafunso asanu, n'kulemba mayankho kuseri kwa envelopu. Masana anasankha sukulu yakutali ija. Bambo ake anali pansi, akumenya chitsulo chimene sichinkafunika kumenyedwa.

Ine ndinabwerera kubwato.

Mu Malichi Renske anandiimbira ali pasiteshoni, atalemba mayeso.

"Ndalephera, amalume. Mafunso atatu sindinawafike. Basi, zatha."

Ndinamva sitima ikulowa, foni n'kuduka.

Pa 15 Epulo ndinali padoko ku Duisburg. Uthenga unabwera waufupi. Nambala 79. Malo 70.

Anaphonya ndi malo asanu ndi anayi. Mlongo wanga anati Renske sanalire. Anangotsika kushopu. Anayenera kudikira kuti ena akane malo awo. Mwezi wa Meyi unatha. Renske anasiya kutsegula kompyuta. Bambo ake ndi amene ankaitsegula m'mawa uliwonse, magalasi ali pamphuno, akulemba ndi chala chimodzi.

Mu Juni ndi iwo amene anandiimbira.

"Alamu, mwana akupita. Amupatsa malo. Akuti avomere pasanathe milungu iwiri, ndiye tavomera kale, ndaona ndi maso anga."

Mawu awo anali osasa. Ndinafunsa ngati akulira.

"Ndi fumbi la m'shopu. Mubwere mudzanyamule mabokosi, mwadya tchizi changa zaka zambiri."

Ndimayenda m'mizinda yambiri. Ana onga Renske ndawaona m'masitima, atanyamula makalata owakana. Ambiri mutu ali nawo. Chimene sanachite n'kuwerenga malamulo a sukulu imene akuigogodera.

Choncho inu makolo ndi inu ophunzira, musasankhe sukulu chifukwa ili pafupi kapena chifukwa ndi yotchuka. Werengani malamulo a kasankhidwe a sukulu iliyonse, a chaka chomwecho. Onani chimene amayesa, muchiyerekeze ndi chimene mwanayo amatha. Imbirani mlangizi, mufunse tsiku lotseka lisanafike. Zimenezi sizitsegula khomo zokha. Koma Renske anataya zaka ziwiri chifukwa cha masamba ochepa amene akanawawerenga Loweruka limodzi.