Thanki Inagwa Yokha

Ku Area 23 anthu amadziwa kulankhula mopulumutsana. Kapu siiswedwa ndi munthu, imangosweka. Foni imatayika, ndiwo zimapserera, ndipo wolakwa sapezeka. Ndiye thanki ya madzi itagwera Yona kuseri kwa nyumba yake Loweruka lina m'mawa n'kumupha pomwepo, aliyense anangoti, "Yagwa." Pamaliro abusa anawonjezera kuti tsiku la Yona linalembedwa iye asanabadwe, ndipo ngakhale akanathawira kuntchito ku Kanengo, likanamupeza komweko.

Mkazi wake, Ireen, anakakamira mawu amenewo. Ndi amene ankamupezetsa tulo. Ngati zinalembedwa ndiye kuti palibe wolakwa, ndipo Ireen ankafunitsitsa kuti wolakwa asakhalepo.

Patatha masabata atatu, akuyanika zovala za malemuyo zoti abale adzagawane, anamva odi pageti. Anali a Latif, mmisiri wowotcherera zitsulo wa ku Kawale, amene anapanga nsanja yomwe pankakhala thankiyo. Bambo wa imvi m'ndevuyo anakana mpando, nakhala pa mulu wa njerwa.

"Mayi, ndabwera kudzakonza mawu amodzi," anatero a Latif. "Anthu akuti thanki inagwa. Siinagwe yokha ayi. Ndinaigwetsa ndine."

Ireen anasiya kuyanika, malaya onyowa ali m'manja.

"Tsiku lomaliza ntchito, magetsi anazima ndisanamalize kuwotcherera mwendo wachinayi. Ndinali nditangogwiriziza pang'ono. Ndinapakapo penti, ndikuti ndibwera mawa. Mawa lakelo latha miyezi isanu ndi iwiri."

"Koma magetsiwo simunazimitse ndinu," anatero Ireen, ndipo anadabwa kudzimva akuikira kumbuyo munthu amene wamusandutsa wamasiye. "Abusa anati zinalembedwa. Kodi kumzikiti kwanu simunena chimodzimodzi?"

"Timanena, ndipo ndimakhulupirira. Mulungu ankadziwa kuti ndipaka pentiyo. Koma burashi inali m'dzanja langa, mayi. Ndayesa kubisala kuseri kwa mawu amenewo masabata atatu, sindikukwanako. Ngati mukufuna tipite kupolisi, tiyeni. Kunyumba ndatsanzika kale."

Mkwiyo unalipo, koma chomwe chinamugwira Ireen kwambiri ndi mantha, chifukwa bamboyu ankagumula khoma lomwe iyenso ankabisalako.

Lachitatu la sabata ya ngoziyo, Ireen akutsuka mbale kuseri, anamva nsanja ikulira, naona penti itang'ambika pa mwendo umodzi. Anati amuuza Yona akaweruka. Koma Yona atafika anakangana pa nkhani yachabechabe, ya mlamu amene ankafuna kudzakhala nawo. Ireen anatupa, nasankha kusamulankhula mwamuna wake kuti amve kuwawa. Anakhala chete masiku awiri athunthu, akudziwa bwinobwino zimene anaona. Loweruka m'mawa madzi atasiya kutuluka pampopi, m'pamene anatsegula pakamwa. Mawu ake oyamba, omwenso anali otsiriza kwa Yona, anali akuti, "Kaoneni thanki yanuyo."

Zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubereka.

"Bwanji simunangokhala chete?" anafunsa Ireen. "Palibe amene akanadziwa. Tonse tikanapuma."

"Ine sindimapuma, mayi. Sindikudziwa inu."

Malaya aja anapulumuka m'manja mwa Ireen n'kugwera m'dothi. Anawayang'ana nthawi yaitali. Anali malaya oyera amene Yona ankavala kutchalitchi.

"Ndinaimva ikulira," anatero motsitsa mawu. "Ndinaona mng'alu. Sindinamuuze chifukwa ndinali nditakwiya. Kenako ndinamutuma komweko ndine."

A Latif sananene kuti zinalembedwa, ngakhale Ireen ankayembekezera ndi mtima wonse kuti anene. Anangosendera pang'ono n'kusiya malo pa njerwa paja. Ireen anakhala pomwepo.

Nthawi yomweyo mayi Lydia a nyumba yoyandikana, amene chilichonse sichiwadutsa, anasuzumira pampanda.

"Mayi Yona, taonani malaya agwa."

Ireen anatukula mutu, misozi ikutsika.

"Sanagwe," anayankha. "Ndawagwetsa ndine."