Bogi ya Mtanda wa Choko

Nyumba za kampani ya sitima sizidziwa maliro. Mwamuna akafa, makiyi amabwerera ku ofesi, pokhapokha wina wa m'nyumbamo atalowa ntchito. Ndiye mayi wina wamasiye, anthu a pamaliro asanamwazike n'komwe, anapezeka pa yadi ya sitima atanyamula ndowa ndi burashi, akuyesedwa ntchito yotsuka mabogi.

Mwamuna wake anali wolumikiza mabogi. Tsiku lina bogi inabwerera m'mbuyo iye ali pakati, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Anthu ankati mayiyo ndi wolimba mtima. Kulimba kwa chiyani! Mtima unangochita dzanzi, ngati mwendo woukhalira nthawi yaitali.

"Mzere wonsewu uwale," anatero bwana woyesa ntchito. "Mukasiyako imodzi, ntchito palibe." Bwanayo anali mlendo pa yadipo, sankadziwa kanthu.

Mayiyo anatsuka mabogi motsatana mpaka anafika pa yofiira, yokhala ndi mtanda wa choko pambali. Anthu a pa yadi amatero: bogi ikapha mnzawo amailemba, ndipo palibe amaikhudza mpaka mvula itafufuta chokocho. Mvula inali isanagwe.

Kapitawo, mnzake wa malemuyo, anabwera akuthamanga. "Alamu, imeneyo idumpheni. Ndi yomwe ija. Abwana ndikalankhula nawo ine."

"Akakana, mudzatisunga kwanu?"

Kapitawo anakanda m'mutu n'kuyang'ana njanji. Kwawoko ana ankagona mothinana ngati machesi.

Mayiyo anaviika burashi. Anayambira m'mwamba monga anachitira ndi zinazo, n'kutsikira ku chitsulo cholumikizira, chimene chinali ndi girisi wouma ndi zina zimene sanafune kuzifufuza. Anadikira kuti mwina misozi ibwera. Ayi ndithu. Anangoona kuti sopo akutha msanga. Antchito onse anaima chilili, zipewa zili m'manja, palibe wotsokomola.

Bwana uja anadutsa, anapititsa chala pa bogiyo, n'kunena kuti, "Mawa mulawirire."

Kunyumba anapeza apongozi ake, mayi a malemuyo, atakhala pakhonde pakati pa makatoni amene anali atamanga kale.

"Masulani katundu, amayi. Sitichoka."

Apongoziwo sanasunthe. "Kumeneko mwaiona imene inandidyera mwana?"

"Ndaiona."

"Ikadali pomwepo?"

"Eya," anatero akuvula nsapato zonyowa. "Ndaitsuka."