Ndevu Zisanu ku Lewisham

Amuna anga a Felton anatha zaka zinayi pa yunivesite kuno ku London akulemba za chisankho chimodzi chokha, cha meya wa mzinda wina waukulu ku America, cha m'ma 1870. Ine ndikusambitsa nkhalamba ku Edmonton, iwo ali kalikiliki ndi azungu amene anafa kalekale. Ndiye mu 2006, bungwe lathu la Amalawi ku Lewisham litafuna wapampando, anaimira nawo, n'kunena kuti nthawi yoti sukulu iwapindulire yakwana.

"Mayi a Alinane, ku America kuja ankasaka amuna andevu," anandiuza. "Munthu avote ndi ndevu zonse. Atuluke, amete m'masaya, avotenso. Amete pachibwano, kachitatu. Achotse zapamlomo, kachinayi!"

"Ndiye mukufuna muwabere a Peggy?"

"Si kuba ayi, n'zam'mabuku zimenezi."

A Peggy, opikisana nawowo, ndi namwino amene anagona nane pansi masiku atatu mayi anga atamwalira ku Zomba, ine nditalephera kupita kumaliro. A Felton sabata imeneyo anali ku laibulale. Zinandipweteka, ndipo sindinaiwale.

Anapeza anzawo asanu, a Jailos ndi ena, n'kuwauza kuti asamete miyezi iwiri. Abale inu! A Jailos mpaka anaitanidwa ku ofesi kuntchito, kuwafunsa ngati kunyumba kuli mtendere. Loweruka la chisankho asanuwo analowa mu holo ya tchalitchi ngati atonde, malezala ali m'matumba, sopo atabisa kale kutoileti. M'holomo munali anthu sikisite odziwana mpaka mayina a agogo, koma amuna anga ankati munthu akameta sadziwika. Kuphunzira kwinaku!

Kenaka a Etta, amene ankayendetsa mwambo, anaimirira.

"Za mapepala n'zochedwetsa, ena ali ndi shifiti masana ano. Tichite zakwathu. A Felton imani apa, a Peggy apo, nonse muyang'ane kukhoma. Aliyense akaime kumbuyo kwa amene akumufuna."

Anthu anadzambatuka. A Jailos anagwira thumba la lezala, n'kuyang'ana kutoileti mwachisoni. Pamzere sungaime kanayi, olo umete mpaka nsidze.

"Tembenukani," anatero a Etta.

A Felton anatembenuka. Kumbuyo kwawo kunali andevu asanu aja basi. Mzere wa a Peggy unali utakhota mpaka pakhomo. Holo yonse inafa ndi phwete, koma iwo sanaseke. Maso awo ankayenda pamzere winawo, akufunafuna munthu mmodzi.

Sanavutike kundipeza. Ndinali woyamba, dzanja langa lili paphewa la a Peggy.

"Mayi a Alinane," anatero motsitsa mawu, "mwaima kumeneko?"

"Ku America kwanuko akazi sankavota," ndinawayankha. "Kuno timavota."