Nsalu Yosanyika

M'chaka cha 1978 atsikana a Fomu 3 pa sekondale ina mu Mzuzu anauzidwa kuti aliyense asoke siketi yake. Wowaphunzitsa zosoka anali Mayi Makwinja, ochokera ku Zomba, munthu wosakweza mawu. M'chipinda chawo munali makina atatu opukusa ndi dzanja, matebulo awiri odulirapo ndi simbi imodzi ya makala. Atsikanawo analipo 26, choncho chilichonse chinali chodikirana.

Winifred Manda sanapezeke pa phunziro loyamba. Anali ku Chintheche, ku maliro a amalume ake, ndipo anakhalako sabata yathunthu. Pobwera anapeza anzake atadula kale. Stella Nyirenda, mnzake wokhala naye desiki imodzi, ndiye anamufotokozera zimene zinaphunzitsidwa.

"Akuti nsalu ili ndi ulusi woyenda m'litali ndi wina wopingasa. Podula uzitsata wa m'litali, apo ayi siketi imapotoka. Usiye malo a msoko mbali zonse. Koma chachikulu, nsalu ya thonje uyambe wainyika m'madzi usiku wonse, uiyanike, uisite. Akuti imabwerera ikanyowa koyamba."

"Imabwerera bwanji?"

"Imafupika. Anena katatu konse."

Loweruka mayi ake a Winifred anamugulira mayadi awiri a nsalu yobiriwira kumsika. Inali yowuma gwa ndi sitachi, yosalala ngati pepala. Lamlungu kunacha ndi nkhungu, kenako mvula yowaza ya mwezi wa Juni, ija yosadziwa kukata. Zovala zimene anachapa Lachisanu zinali zikadali pachingwe kukhonde kwawo ku Zolozolo, zonyowabe. Winifred anatunga madzi m'beseni, naima pamenepo nsalu ili m'manja. Akainyika, Lolemba ikhala isanaume, ndipo tebulo lodulira alipezanso Lachinayi. Anataya madziwo, napinda nsalu ija n'kuika m'chikwama.

Lolemba Mayi Makwinja anaigwira nsaluyo ndi zala ziwiri.

"Unainyika?"

"Eya, Madamu."

Anamuyang'ana pang'ono, kenako anamupatsa tepi yoyezera ndi choko.

Winifred anali ndi dzanja labwino, ndipo ankadziwa. Anayala patani ya pepala, naibaya mapini, nadula mosakhota. Pa masiku anayi anawapeza anzake, pa sabata ziwiri anawapitirira. Zipi yake inagona bwino osatukuka. Mpendero wa m'munsi anausoka pamanja, ulusi osaoneka kunja. Masiku amenewo lamulo la dziko linkaletsa mkazi kuvala chovala chosaphimba mawondo, choncho siketi iliyonse ikatha, mwini wake ankaivala n'kugwada pansi, mphunzitsi akuona. Ya Winifred inakhudza simenti. Mayi Makwinja anatembenuza siketiyo kunja kukhala mkati, nayendetsa chala m'misoko yonse, nalemba malikisi 88 m'buku lawo. Panalibe wina amene anafika pamenepo.

Kumapeto kwa teremu kunali tsiku la makolo. Atsikana a zosoka anauzidwa kuti abwere atavala masiketi awo, adzayende kutsogolo kwa alendo. Siketi ya Winifred inali ndi mizere ya choko ndi dontho la mafuta a makina, choncho Lachinayi anaichapa. Madzi anatuluka oyera mbuu ndi sitachi. Lachisanu inauma, naisita.

Loweruka m'mawa ataivala, batani la m'chiuno linakana kufika. Anayang'ana pansi, naona mawondo ake onse awiri. Mayi ake anali atapita kale kuchigayo, ndipo bambo ake, kalaliki wa ku ofesi ya zamalo, ananena kuti adzamupeza kusukulu. Anaganiza zomanga chitenje pamwamba, koma sanafune kuti mwini wa 88 afike atabisa ntchito yake. Anasiya batani osamanga, nakokera siketi m'munsi mpaka m'matako, naphimba pamwamba ndi juzi. Ataima chilili, mawondo anabisika.

Koma siketi yokokera simakhala pamene waisiya. Akayenda mapazi makumi awiri inkakwera, iye n'kuikokanso. Anatsika ku Zolozolo motero, dzanja limodzi lili m'chiuno. Pofika pafupi ndi msika waukulu anakumana ndi chigulu cha anthu otsika basi, ndipo pofuna kudzipanikiza pakati pawo anaiwala kukoka.

"Iwe! Mtsikana iwe wa juzi!"

Anali anyamata awiri a chipani amene ankaona makadi a umembala pachipata cha msika. Mmodzi anayamba kubwera. Anthu anatembenuka, wina anaimba likhweru. Winifred anaima.

Mayi wina wogulitsa nthochi pambali pa msewu anadzuka, navula chitenje chimene anafunda m'mapewa, namukulunga nacho m'chiuno mwachangu ngati akumanga mtolo wa nkhuni.

"Ni mwana wane uyu," anauza mnyamatayo m'Chitumbuka, kenako anapitiriza m'Chichewa. "Ndamutuma ine. Wakula msanga, zovala zamuthawa. Mulekeni."

Mnyamatayo anayang'ana chitenjecho, chimene chinafika mpaka mu akakolo. Ananena kuti tsiku lina sadzamva zimenezo, nabwerera kuchipata.

"Yewo chomene, amama," anathokoza Winifred.

"Pita. Udzabweze. Ukafika pano ufunse NyaGondwe."

Kusukulu anapeza anzake ali pamzere m'chipinda chosokera, Mayi Makwinja akuwaona mmodzimmodzi. Atafika pa Winifred anati, "Chotsa chitenje." Anachotsa. Atsikana ena anagwira pakamwa.

"Gwada."

Anagwada. Pakati pa mpendero ndi simenti panatsala malo olowa zala zinayi.

Mayi Makwinja anatenga tepi, nayeza siketiyo kuchokera m'chiuno mpaka pansi. Anatsegula buku, naona muyeso umene analemba tsiku lija la 88. Kenako anapita pabolodi n'kulemba manambala awiri, 27 ndi 24 ndi theka.

"Stella, kusiyana kwake?"

"Mainchesi awiri ndi theka, Madamu."

"Lembani m'makope mwanu nonse. Imeneyo ndiyo nsalu yosanyika." Anapukuta choko m'manja. "Winifred, ndinakufunsa. Nditaigwira ndinamva sitachi, koma ndinakhulupirira pakamwa pako. Pamenepo ndinalakwa ndine. Lero suyenda nawo."

Winifred anakhala m'chipindamo yekha, atamanganso chitenje cha eni ake. Kunja ankamva m'manja mukuombedwa nthawi iliyonse mtsikana akadutsa. Pawindo anaona bambo ake ali mumzere wachitatu, atavala jekete ya ku tchalitchi, akutukula khosi kufuna mwana wawo. Atsikana onse atadutsa anaweramira kwa munthu woyandikana naye, nafunsa kanthu. Pobwerera kunyumba sanamukalipire. Anangofunsa kuti chitenjecho n'cha yani, ndipo atamva anati, "Uchichape usanabweze."

Lolemba Mayi Makwinja anafufuta 88 ija. Anati siketiyo ikonzedwe, idzaonedwenso ngati yatsopano. Winifred anamasula mpendero wonse ndi nsonga ya pini, koma nsalu yopindidwamo inali inchi imodzi yokha. Zotsala za nsalu yake zinali tizidutswa.

"Ufunika lamba wa nsalu ina m'munsimo," anatero mphunzitsi. "Ndi kagawo kena m'chiuno. Fufuza."

Stella anali ndi chotsala cha nsalu yake yakuda, theka la yadi. Anachiika padesiki. Winifred anayamba kuchiyala kuti adule, kenako anafunsa, "Ichi chinanyikidwa?"

"Pamodzi ndi inzake. Usiku wonse."

Anadula lamba wa mainchesi anayi, motsata ulusi, nalumikiza. Nsalu yakale inali itafewa, yatsopanoyo inali yolemerapo, ndipo msoko woyamba unakwinyika. Anamasula, nabwereza, ulendo uno atayamba wagwiriza ndi ulusi wa pamanja asanapite pamakina. Zinamutengera sabata. Atagwada, lamba wakudayo anagona pansi. Mayi Makwinja analemba 61. Anapempha kuti siketiyo itsale m'kabati, azionetsa a Fomu 3 a chaka chamawa.

"Pepani Madamu, ndikufuna kuivala," anatero Winifred.

Mphunzitsiyo anamubwezera siketiyo.

Chitenje cha NyaGondwe chinali chakale, ndipo mbali zake ziwiri zodulidwa kusitolo zinali zisanapindidwepo. Ulusi unkasololoka. Winifred atachichapa anadula nyenyeswazo, napinda kawiri mbali iliyonse, nasoka pamanja. Loweruka lotsatira anapita nacho kumsika. Anawapeza NyaGondwe pamalo omwe aja, akukangana ndi munthu wina pa za nthochi zosapsa. Anadikira mpaka munthuyo atachoka, kenako anawalonjera m'Chitumbuka.

"Mwatandala uli, amama? Ndabweretsa chitenje chanu."

Mayiwo anachitambasula, naona m'mphepetemo. Anakoka msoko ndi manja onse awiri kuti aone ngati ungaduke. Sunaduke.

"Wakutuma ndani kuti usoke?"

"Palibe. Chimatha m'mphepetemu."

"Kusukulu kwanuko amakuphunzitsani zimenezi?"

"Eya."

NyaGondwe anafunda chitenjecho m'mapewa. Anati ali ndi mdzukulu wa Sitandade 2 amene yunifolomu yake yang'ambika m'khwapa, ndipo telala wa pakhonde la sitolo wakhala nayo sabata zitatu osaigwira. Winifred anati akaitenge, abwere nayo Loweruka. Mayiwo anathyola nthochi zinayi namupatsa, kenako anatembenukira kwa wogula wina amene anali atagwira kale phava.